Mchere wa pa Malaya

Ndine wa wilibala, ndimagulitsa madzi m'Kanyama,
zigubu zisanu ndi chimodzi pa ulendo,
kuchokera pa mpopi wa kansolo mpaka kuseri kwa msika.
Madzi amakhuvuka patsogolo panga tsiku lonse
koma kukhosi kwanga kuli gwa, ngati msewu wa mu Okutobala.
Madzulo ndikavula malaya
pamsana pake pamakhala mizere yoyera ya mchere,
kalata imene thupi linkandilembera.
Sindinkaiwerenga.
Akatumba akamakokana usiku
ndinkati ndi ufiti wa anzanga a pa mzere.

Kenako Januwale.
Mvula inadzaza zimbudzi mpaka zinalavula,
tinkalowa m'nyumba podumpha pa mabuloko.
Enelesi anali ku maliro ku Katete,
atandisiyira Tikambenji, wa zaka ziwiri,
ndi malangizo ambiri amene ndinaiwala basi isananyamuke.

Magetsi atathima mwana anayamba kutsegula m'mimba.
Kachitatu. Kachisanu.
Matewera anatha, ndinang'amba chitenje.
Analira, koma m'masaya munali mouma.
Kulira kopanda misozi,
ndani anakumvapo n'kugona?
Maso analowa m'kati ngati zitsime za m'chilimwe.
Ndinatsina khungu la pamimba pake
ndipo linaima pomwepo, osabwerera,
ngati khwinya la pa ndalama yakale.

Ndinati, ndikam'mwetsa angotulutsanso,
bola ndimumane kuti m'mimba muume.

Khoma lathu ndi lopyapyala.
Amake Mutinta anagogoda ndi chigongono,
manja onse ali ndi katundu.
"Iwe wogulitsa madzi, ukumana mwana madzi?"
Botolo la lita imodzi, madzi owiritsa atazizira.
Timasupuni tisanu ndi kamodzi ta shuga, tosalaza ndi chala,
theka la kasupuni ka mchere.
Anakhutchumula, nandipatsa. "Lawa.
Mchere wake usapose wa misozi."

Kasupuni kamodzi. Dikira.
Kena. Dikira.
Anasanza pa mkono wanga.
"Puma pang'ono, yambanso," anatero mayiwo,
tochi ya foni ataluma ndi mano.
Ine amene ndimakhuthula malita makumi awiri m'kuphethira kwa diso
ndinaphunzira usiku umenewo
kuti moyo umalowa ndi kasupuni.

Kusanache ndinayala bulangete mu wilibala.
Sindinanyamulepo katundu wopepuka chotero,
kapena wolemera chotero.
Matope m'mawondo, botolo m'thumba,
pa ngalande iliyonse ndinkaima, kasupuni kena,
mpaka pa geti la chipatala.

Namwino sanandifunse dzina.
Anayang'ana botolo lotsala theka, nagwedeza mutu,
napachika thumba lake pa chitsulo.
Tho. Tho. Tho.
Ndinawerenga madontho ngati ndalama ya lendi.

Dzuwa lili pamutu ndinamva kufunda pa ntchafu.
Mwana wandikodzera!
Ndinaseka mpaka mayi wa bedi loyandikana ananditembenukira.
"Impso zadzuka," anatero namwino podutsa.
Ndipo pomuchotsa singano madzulo
Tikambenji anakuwa, chipatala chonse chinamva,
misozi ili chuchuchu, yonenepa,
wina unagwera pa mlomo wanga.
Amake Mutinta sananame: muyeso wake ndi womwewo.

Enelesi atabwera anandikalipira za chitenje.

Ndabwerera pa mzere wa pa mpopi.
Zigubu zikadali zisanu ndi chimodzi,
koma pa chigwiriro ndamangirira kabotolo kanga,
ndimamwa ludzu lisanandiitane.
Anzanga amati ndayamba ulemerero, ndikudya phindu.
Ndimangowalozera pamsana pawo
pamene thukuta lauma n'kusiya zolemba,
ndimati, werengani.
Amaseka, amati iwo sukulu analekezera giredi folo.
Wakutsogolo watsegula mpopi.
Chigubu chopanda kanthu chimalira kwambiri poyamba,
kenako mawu ake amatsika, amatsika,
mpaka chili zii.